Kusamutsa Makalata a Imelo Kuchokera mu Kompyuta Yakale

Palibe mlimi amene amagwetsa nkhokwe yakale chimanga chikadali momwemo. Komatu m'maofesi ambiri kompyuta yatsopano ikangofika, yakale imakankhidwira kungodya, anthu n'kuiwala kuti m'kati mwake muli makalata a zaka zambiri. Nkhani ino ikukhudza inu aphunzitsi aakulu, alembi a makopaletivi, antchito a zachipatala ndi akuluakulu a mipingo m'boma la Rufunsa, kuyambira ku Chinyunyu kufikira kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta.

Monga mudziwa, Rufunsa inakhala boma paokha m'chaka cha 2013 itapatulidwa ku Chongwe, ndipo pali ntchito zimene zinayambika kusinthako kusanachitike. Taganizani za sukulu imene inalonjezedwa mjigo, kapena kopaletivi imene inagwirizana mtengo wa mbewu ndi wogulitsa wa ku Lusaka, zonsezo pa imelo. Tsiku lobuka mkangano, mboni yosakanika ndiyo kalata ija, pakuti imaonetsa amene analemba, tsiku lake ndi mawu ake enieni.

Funso loyamba nali: kodi makalata anu amakhala kuti? Ambiri amayesa kuti imelo iliyonse imasungidwa pa intaneti, koma sizili choncho nthawi zonse. Pali njira ziwiri zolandirira makalata. Yakale imatchedwa POP, ndipo imafanana ndi bokosi la ku positi ofesi: mukatenga kalata kupita nayo kwanu, m'bokosimo simutsala kanthu. Inayo ndi IMAP. Mwa njira imeneyi makalata amatsala pa seva, ndiye kuti kompyuta yaikulu ya kampani imene inakupatsani adiresi, ndipo inu mumawawerengera komweko. Pamene dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti m'chaka cha 1994 kudzera mwa ZAMNET, imene inabadwira ku University of Zambia, anthu ankalumikiza pa waya wa lamya ndipo mphindi iliyonse inali ndalama. Munthu ankalumikiza, n'kukoka makalata ake, n'kudula msanga. Chizolowezicho chinakhalitsa, kotero kuti m'makompyuta ambiri akale muli makalata amene sapezeka kwina kulikonse.

Kuti mudziwe mbali imene muli, tsegulani adiresi yanu pa foni kapena pa kompyuta ina. Mukaona makalata akale onse, mulibe chosamutsa. Ingolembani adiresi ndi mawu achinsinsi mu kompyuta yatsopano. Mukapeza a masiku ano okha, dziwani kuti enawo ali mu hard disk ya makina akalewo basi, ndipo hard disk imakalamba. Kutentha kwa mwezi wa October, fumbi, ndi kuzimazima kwa magetsi monga kuja tinaona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, zonsezi zimafupikitsa moyo wake.

Tsono onani pulogalamu imene munkawerengera makalata. Ngati ndi Microsoft Outlook, ntchito yake njochepa. Makalata onse amasungidwa mu fayilo imene dzina lake limathera ndi .pst. Tsekani pulogalamuyo, koperani fayiloyo pa fulashi, ndipo mukaitsegule ndi Outlook ya mu kompyuta yatsopano, mutatsimikiza kuti mtundu umene ulimo umawerenga mafayilo otere.

Vuto lili pa Outlook Express, imene inkabwera pamodzi ndi Windows XP. Mainawa ngofanana, koma mapulogalamuwa ngosiyana ndithu. Outlook Express imasunga makalata m'mafayilo a .dbx, ndipo Windows 10 kapena 11 ilibe chowatsegulira. Munthu angathe kuwakopera bwinobwino, kukafika nawo uko n'kupeza kuti wanyamula sutikesi yopanda kiyi. Choncho makalata ayenera kusinthidwa kasungidwe kake akadali mu kompyuta yakale. Chothandiza ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Thunderbird. Mtundu wake wotsiriza wogwira pa Windows XP ndi 52. Kautengereni pa kompyuta ina, mubwere nawo pa fulashi. Yakaleyo musailumikize ku intaneti ayi, chifukwa Microsoft inaleka kuteteza Windows XP pa 8 April 2014, ndipo mavairasi amalowamo mosavuta.

Mukaika Thunderbird, sankhani Tools, kenaka Import, ndi kuiuza kuti itenge makalata a mu Outlook Express. Bwerezani kachiwiri kuti itengenso buku la maadiresi, pakuti limasungidwa padera ndipo anthu ambiri amaliiwala. Ikatsiriza, makalata amakhala ali m'kasungidwe kotchedwa mbox, kamene mapulogalamu ambiri amakadziwa. Mafayilowo amapezeka mu foda yotchedwa Local Folders. Koperani foda yonseyo pa fulashi. Mu kompyuta yatsopano ikaninso Thunderbird, itsekeni, ndi kuika mafayilo aja mu Local Folders yake. Mukaitsegula, mudzaona makalata anu atandandalikana monga kale. Ngati mayina ameneŵa akukusokonezani, itanani wodziwa, koma inu mukhale pambali pake kuti muone chimene akuchita.

Ena amati, bwanji osangodzitumizira makalatawo imodziimodzi ku adiresi yatsopano? Pa makalata asanu kapena khumi palibe kanthu. Koma kalata yotumizidwanso imatenga tsiku la lero ndi dzina lanu monga wotumiza, ndipo mphamvu yake ya umboni imachepa. Kusindikiza pa pepala nkwabwino kwa mapangano ofunika kwambiri, ngakhale palibe ofesi imene ingakwanitse inki ya makalata a zaka khumi.

Pa ntchito yonseyi gwiritsani Copy, musakhudze Cut. Magetsi akazima muli pakati pa kudula, mungatayike uku ndi uku. Sankhani nthawi imene batire kapena sola ili yodzaza. Fulashi imene yachokera mu kompyuta yakale iyambe yapimidwa mavairasi musanatsegule kanthu kalikonse. Ndipo ngati yakaleyo yakaniratu kuyaka, musataye mtima msanga: kawirikawiri chofa chimakhala china, hard disk ili yamoyo, ndipo mmisiri angathe kuichotsa ndi kuilumikiza ku makina ena. Koma mukamva ikulira kuti "kete, kete", zimitsani pomwepo, chifukwa kuikakamiza kumaonjeza chilonda.

Mukatha, werengani. Ngati Inbox yakale inali ndi makalata 3,000, yatsopano isonyeze chiwerengero chomwecho. Onaninso foda ya makalata amene munatumiza inu, popeza m'menemo ndimo muli malonjezo anu. Tsegulani kalata yakale koposa, ina ya pakati, ndi zingapo zokhala ndi zithunzi kapena zikalata zophatikizidwa, muone ngati zikutseguka. Fulashi ina yachiwiri ikasungidwe ku nyumba ina. Amene ali ndi adiresi ya IMAP, monga ya Gmail imene imapatsa malo aulere okwana 15 GB, angathe kukokera mafoda ofunika pa seva pang'onopang'ono, molingana ndi bandulo imene ali nayo.

Kompyuta yakale isungeni miyezi iwiri kapena itatu musanaipereke kwa wina. M'makalata a sukulu ndi a chipatala muli mayina a ana, matenda a anthu ndi malipiro awo, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti wosunga zotere aziteteze. Kungofafaniza fayilo sikuichotseratu. Wodziwa angathe kuibweza. Pemphani mmisiri apukutiretu hard disk yonse, kapena aichotse muitsekere m'kabati ya ofesi, makinawo apite opanda iyo.