Chilombo cha mutu wabokosi chinauka bwanji?

Ana anga, senderani pafupi, azakhali anu ndabwera ndi nkhani. Kodi munaonapo chithunzi cha chimunthu cha mutu ngati bokosi, chokhala ndi tizitsulo tiwiri m'khosi? Chimenecho ndi chilombo cha Frankenstein. Koma Frankenstein si dzina lake ayi. Ndi dzina la munthu amene anachipanga m'nthano ina. Akuluakulu ambiri amasokoneza pamenepa. Mukawakonze, koma mwaulemu!

Nanga nthanoyi anaiyamba ndani? Mtsikana wa ku England, dzina lake Mary Shelley. Anayamba kuilemba ali ndi zaka 18 zokha. Buku lake linatuluka mu 1818. Kenako mu 1931, kampani ya Universal ya ku America inapanga filimu yake.

Ndiye chilombo chosewera m'filimumo anachitola kuti? Sanachitole paliponse. Anali bambo wina, Boris Karloff. Tsiku lililonse ankakhala phee pampando maola pafupifupi 4, mkulu wina dzina lake Jack Pierce akumukonza nkhope. Ankamumata thonje pamphumi mpaka mutu kukhala wamakona. Pazikope ankaikapo phula kuti maso aoneke atulo. Bambo Karloff ankachotsanso mano awo oikirira kuti tsaya lilowe m'kati. Kuphazi ankavala zinsapato zolemera. Tayesani inunso. Yamwani masaya. Tsinzinani pang'ono. Tsopano yendani osapinda mawondo. Ii, mwandiopsa!

Kodi filimu ikakalamba imafa? Iyi inangogona. Mu 1957, mafilimu akale oopsa okwana 52 anaperekedwa ku nyumba za TV za ku America. Munali Frankenstein. Munalinso Dracula, uja wa chovala chakuda chakumsana. Ankawaonetsa usiku. Tawerengani: kuchoka 1931 kufika 1957 ndi zaka zingati? Mwakhoza, 26. Ana amene anali asanabadwe filimuyo ikupangidwa anayamba kuionera m'nyumba mwawo, ena akusuzumira pansi pa bulangete.

Nanga chilombocho chinakhalabe choopsa? Apa ndiye pondiseketsa ine. Mu 1964 panabwera sewero la pa TV lotchedwa The Munsters. Mutu wake womwe uja, tizitsulo take tomwe tija. Koma tsopano chinali bambo wapabanja, dzina lake Herman. Chinkapita kuntchito m'mawa. Chinkaseka mpaka nyumba kugwedezeka. Anthu akachiona n'kuthawa, icho chinkadabwa kuti akuthawa chiyani!

Kodi zilombozi zinatheratu? Ayi ndithu. Mu 2014, sewero la Penny Dreadful linachiutsanso chilombo cha Frankenstein, ndipo mu 2020 BBC inabweretsanso Dracula. Koma masewero awiriwa ndi a akuluakulu. Musaonere, mungalote zoopsa n'kudzutsa nyumba yonse.

Inu dzipangireni chilombo chanu: pezani katoni yakale yokwana mutu wanu. Pemphani wamkulu akuboolereni maso awiri. Jambulani chipsera pamphumi ndi makala, mumate zitsekerero ziwiri za botolo m'mbali. Mukatha, kagogodeni kwa agogo, koma kukadali kowala.