Ulendo wa Kunyanja Sutha Tsiku Lobwerera

Chilimwe chikafika pachimake, makamaka m'mwezi wa October pamene dziko limakumbukira Tsiku la Anakubala, anthu ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amatsikira kunyanja. Ena ndi ana asukulu pamodzi ndi aphunzitsi awo, ena ndi achinyamata a mumpingo, enanso ndi mabanja amene asonkherana ndalama ya galimoto. Ambiri amatsika msewu wodzera ku Mvera nakathera ku Senga Bay m'boma la Salima. Ofuna kuona zambiri amapitirira kudzera ku Golomoti ndi Monkey Bay mpaka ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, kumene amakhoma mahema nagona masiku angapo pamchenga.

Ku Cape Maclear ndiko kuli likulu la Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene boma linakhazikitsa mu 1980 pofuna kusunga nsomba za mbuna, zija zokongola zokhala m'miyala. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo m'gulu la malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Ulendo wotere ndi wabwino: mwana amene anangomva za nyanja m'kalasi amakaiona ndi maso. Komabe pali matenda amene munthu amabwera nawo kuchokera kunyanja osadziŵa, ndipo amaonekera ulendo utaiŵalika kale.

Malungo

Nyanja ya Malaŵi ili pamtunda wosakwana mamita 500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, pamene mapiri a Dowa ndi Ntchisi amapitirira mamita 1,000. Kumunsi n'kotentha, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuswana kwa udzudzu ndiponso kukhwima kwa tizirombo ta malungo m'mimba mwake. Malungo aliko ndithu kumapiri, koma munthu wogona panja m'mbali mwa madzi amalumidwa koposa.

Mbiri ya malo omwewo ikuchitira umboni. Amishoni a ku Scotland, mmodzi wa iwo Dr Robert Laws, anamanga mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875. Malungo anawasautsa kotero kuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe. Manda a anzawo amene anatsala akadalipo pafupi ndi gombe.

Chotero aliyense ayenera kunyamula neti yonyikidwa m'mankhwala, ndipo aimangirire ngakhale m'kati mwa hema. Dzuŵa likaloŵa, ana avale malaya a manja aatali. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa ku sikelo asananyamuke, pakuti malungo ndi oopsa kwa iye ndi kwa mwana ali m'mimbayo.

Likodzo

Kale anthu ambiri ankakhulupirira kuti madzi a m'nyanjayi alibe likodzo chifukwa ndi oyera ndiponso amawinduka. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti anthu amalitenga ndithu ku Cape Maclear. Akatswiri anapezanso kuti nkhono zofalitsa nthendayi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kuŵedza mopitirira muyeso.

Nyongolotsi yoyambitsa likodzo anaitulukira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ku Cairo mu 1851. Kayendedwe kake ndi kotere. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira otuluka ndi mkodzo amaswa. Tizirombo totuluka m'mazirawo timaloŵa m'nkhono, mmene timaswana miyandamiyanda. Pakapita masabata angapo timatuluka m'nkhonomo, makamaka masana dzuŵa litakwera, n'kumasambira kufuna munthu. Timaboola khungu lopanda ndi bala lomwe, ndipo sitioneka ndi maso. M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndiwo amatukusira chikhodzodzocho mpaka magazi kutuluka.

Njira yotsimikizika yopeŵera likodzo ndiyo kusaloŵa m'madzi a m'nyanja. Koma popeza n'kovuta kuletsa mwana amene wayenda mtunda wonsewo, atsogoleri a ulendo achepetse ngozi. Asalole ana kuseŵera m'madzi osaya a m'bango, m'zomera za m'madzi kapena padooko pamene anthu a m'mudzi amachapira ndi kutsukira mbale. Madzi osamba atungidwe n'kusungidwa m'ndowa masiku aŵiri, pakuti tizirombo timeneti sitikhala moyo kupitirira pamenepo tikasoŵa munthu. Kapena aŵiritsidwe n'kusiyidwa kuti azizire. Kudzipukuta ndi thaulo potuluka m'madzi sikokwanira kuteteza munthu.

Mlendo nayenso ali ndi udindo. Likodzo limapezeka m'madambo ndi m'madamu a kumapiri, kotero mwana wa ku Mponela kapena ku Malomo akhoza kukhala iye wobweretsa mazira. Munthu aliyense asakodzere kapena kuchita chimbudzi m'madzi.

Madzi akumwa ndi chimbudzi

Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unali waukulu koposa m'mbiri ya dziko lino. Unapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Salima anakhudzidwa kwambiri. Madzi a m'nyanja, kaya aoneke oyera chotani, asamwedwe osaŵiritsa kapena osathira klorini, amene alangizi a zaumoyo angathe kulongosola kathiridwe kake gulu lisananyamuke. Ndowa ya madzi akumwa ikhale yovundikira, ndi kapu yake yotungira imodzi.

Gulu likhome mahema pamalo ovomerezeka, pamene pali zimbudzi. Sopo akhale pafupi ndi chimbudzi ndiponso pophikira. Nsomba idyedwe yopsa bwino ndi yotentha. Nsima ndi ndiwo zogona zimawonongeka msanga kumalo otentha. M'katundu musasoŵe mapaketi a Thanzi ORS, kuti wotsekula m'mimba ayambe kumwa pomwepo ali panjira yopita kuchipatala. Zakudya zisungidwe motseka chifukwa cha anyani, ndipo nyama zimenezi asazipatse chakudya, pakuti zikazoloŵera zimaluma.

Ngozi za pamadzi

Ana ambiri a kumapiri anaphunzira kusambira m'timitsinje tofika m'chiuno. Nyanja ndi ina: pansi pake pamatsetsereka mwadzidzidzi, ndipo mphepo ikhoza kuutsa mafunde m'kanthaŵi kochepa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Asanaloŵe m'madzi, atsogoleri afunse eni dera ndi ogwira ntchito za pamalopo kumene kuli kozama ndi kumene kumapezeka ng'ona ndi mvuu, makamaka pamathiriro a mitsinje. Ana aŵerengedwe poloŵa ndi potuluka, ndipo wamkulu mmodzi atsale pamtunda kuwayang'anira. Kusambira usiku kapena munthu atamwa moŵa ndi kuputa imfa. Boti lopita ku zilumba monga Thumbi ndi Domwe lisadzaze kupyola muyeso, ndipo aliyense avale jekete loyandamitsa.

Pobwerera kumudzi

Apa ndi pamene ambiri amalakwira. Malungo kaŵirikaŵiri amaoneka pakapita masiku 7 mpaka 14 chilumidwire. Aliyense amene watentha thupi, kumva mutu kapena kuphwanya m'thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi, osati kugula mankhwala pagolosale. Akapezeka ndi malungo amwe LA yense monga alangizidwira, masiku atatu athunthu.

Likodzo limachedwa koposa. Ena amamva kuyabwa pakhungu tsiku lomwelo, ena amatentha thupi ndi kutsokomola pakapita masabata angapo, ndipo magazi kumapeto kwa mkodzo angaoneke patatha miyezi iŵiri kapena itatu. Ena saona chizindikiro chilichonse pamene nyongolotsi zikuwononga m'kati. Magazi mumkodzo wa mnyamata si chizindikiro cha kukula, monga ena amanenera, ndi nthenda. Likalekereredwa, likodzo limachepetsa magazi, limawononga impso, limabweretsa zilonda m'njira ya amayi ndi kusabereka, ndipo likhoza kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Mankhwala ake ndi praziquantel, amene Unduna wa Zaumoyo umagaŵanso m'sukulu. Amamwedwa munthu atadya, ndipo muyeso wake umatengera kulemera kapena kutalika kwa munthu. Mankhwalaŵa sapha bwino nyongolotsi zikadali zazing'ono, n'chifukwa chake kumwa tsiku lobwerera sikuthandiza kwenikweni. Nthaŵi yoyenera ndi pakapita masabata 6 mpaka 8 chichokere m'madzi.

Chotero mphunzitsi, mkulu wa mpingo kapena kholo lotsogolera ulendo lisunge maina a onse amene anapita, ndi tsiku limene anatuluka m'madzi komaliza. Miyezi iŵiri ikakwana, onsewo apite kuchipatala chapafupi ndi mabuku awo a kuchipatala, akafotokoze kuti anasamba m'nyanja, ngakhale amene akudzimva kuti ali bwino.