Kodi Mumadziwa Kuti Wodzigomera Sakana Mlandu Wake?

Munthu wodzikuza ndi wodzigomera yekha, mukamufunsa maso ndi maso ngati alidi wotero, kawirikawiri amavomera, ndipo amavomera popanda manyazi.

M'chaka cha 2014 akatswiri a za maganizo ku America, mmodzi wa iwo Brad Bushman wa ku Ohio State University, atafunsa funso limodzi lokhali kwa anthu oposa 2,200, ena mwa iwo ophunzira a m'mayunivesite, anapeza kuti mayankho ake ankagwirizana ndithu ndi a mndandanda wa mafunso 40 umene akhala akuyesera nawo khalidweli kuyambira 1988. Pakuti chimene anzake amachiyesa chilema, mwini wakeyo amachiyesa ulemerero, ndipo ulemerero palibe amaubisa kuseri kwa nkhokwe.

Dzina la khalidweli m'Chingerezi linachokera kwa Narcissus, mnyamata wa m'nthano za Agiriki, amene anafota mpaka kufa ali chiyang'anire nkhope yake m'dziwe. Akanakhala wa kuno ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, ndiyesa ng'ona ikanaifupikitsa nthanoyo dzuwa lisanapendeke.