Kandodo Kowongolera Makina: Chifukwa Chake Kanapambana M'ndege Koma Kanalephera M'galimoto

Madzulo ano tikambirana za kachipangizo kakang'ono kamene m'Chingerezi amakatcha joystick. Kachipangizoka ndi kandodo kakafupi koima chilili pa tsinde pake, monga momwe munsi umaimira mumtondo, ndipo kamatha kupendekera kutsogolo, kumbuyo, kumanja kapena kumanzere. Munthu akakapendeketsa, makina amamvera n'kuloŵera komweko, ndipo akakasiya kamabwerera pakati. Masiku ano kandodoka kamapezeka m'ndege, m'makina okumba dothi, pa njinga zamagetsi za anthu aulumali, ndiponso m'manja mwa ana amene akuseŵera maseŵero a pa kanema. Koma mukasuzumira m'basi, m'lole kapena m'galimoto yaing'ono, mupezabe chiwongolero chozungulira chija. Funso lathu lero ndi lakuti, kodi kandodo kamene kamatha kuyendetsa ndege ya anthu mazanamazana kanalephera bwanji kulanda malo a chiwongolero m'galimoto?

Ambiri a inu mungadabwe kumva kuti magalimoto oyambirira analibe chiwongolero chozungulira. Galimoto ya magudumu atatu imene Karl Benz anapanga ku Mannheim, m'dziko la Germany, imene inadziŵika m'chaka cha 1886, inkakhotetsedwa ndi kachitsulo kogwira ndi dzanja limodzi. Galimoto yoyamba ya Henry Ford ya m'chaka cha 1896 nayonso inali ndi ndodo. Asodzi akunyanja amene ali ndi maboti a injini njira imeneyi akuidziŵa bwino, pakuti iwonso amakhotetsa boti pokankha mkono wa injini uku ndi uku.

Ndodoyo inkachita bwino pamene magalimoto anali opepuka ndi oyenda pang'onopang'ono. Liŵiro litayamba kukula, vuto linaoneka: gudumu likagunda mwala, ndodo inkagwedezeka mwamphamvu m'dzanja la woyendetsa, ndipo kukhotetsa galimoto yolemera kunkafuna nyonga zambiri. M'chaka cha 1894, pa mpikisano wa magalimoto wochokera ku Paris kupita ku Rouen, Alfred Vacheron anabwera ndi galimoto ya mtundu wa Panhard imene anaiikira chiwongolero chozungulira. Pofika 1898 kampani ya Panhard et Levassor inali itayamba kuika chiwongolero m'magalimoto ake, ndipo patangopita zaka zoŵerengeka makampani ena onse anatsatira.

Pamene ndodo inkatuluka m'galimoto, inali kuloŵa m'ndege. Galimoto imangofuna kukhota kumanja kapena kumanzere, pamene ndege iyenera kukweza ndi kutsitsa mphuno yake, komanso kupendeketsa mapiko. Cha m'ma 1907 katswiri wa ku France, Robert Esnault-Pelterie, analembetsa nzeru yakuti ntchito ziŵirizi zichitike ndi ndodo imodzi. Louis Blériot anaika ndodo yotere m'ndege yake ya m'chaka cha 1908, ndipo pa 25 July 1909 iyeyu anauluka kuwoloka nyanja imene ili pakati pa France ndi England. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta kukumbukira. Woyendetsa akakokera ndodo kumimba kwake, mphuno ya ndege imakwera. Akaikankhira kutsogolo, mphuno imatsika. Akaipendeketsa kumanja, phiko lakumanja limatsika ndipo ndege imayamba kukhotera komweko. Nthaŵi imeneyo ndodo inkalumikizidwa ku mapiko ndi kumchira ndi zingwe zachitsulo, kotero kuti mphamvu ya mphepo inkamveka m'dzanja la woyendetsa. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Kusintha kwakukulu kunadza pamene ndodo inaleka kukoka zingwe n'kuyamba kutumiza uthenga wa magetsi. M'chaka cha 1926 C. B. Mirick, amene ankagwira ntchito ku Naval Research Laboratory m'dziko la America, analembetsa kandodo kamagetsi kowongolera ndege munthu ali patali. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, kuyambira mu 1943, asilikali a Germany ankagwiritsa ntchito kandodo kotere powongolera mabomba ndi wailesi kuti akagwere pa sitima zapamadzi. Kuchokera pamenepo kandodo sikanafunenso mkono wamphamvu, chifukwa ntchito yolemera inkachitidwa ndi injini, magetsi kapena mafuta opanikizidwa m'mapaipi.

Nanga kandodoka kamauza bwanji makina zimene dzanja likufuna? Njira zodziŵika ndi zitatu. Yoyamba ndi ya timaswichi tinayi toikidwa pansi pa kandodo. Kakapendekera mbali ina, kamadina kaswichi ka mbali imeneyo, ndipo makina amangodziŵa kumene akulozedwa, osadziŵa kuti apite mofulumira motani. Yachiŵiri ndi ya tizipangizo tofanana ndi kaja mumapotokola pa wailesi yanu pokweza ndi kutsitsa mawu. Timakhala tiŵiri, kena koyesa kupendekera kutsogolo ndi kumbuyo, kena koyesa kumanja ndi kumanzere, motero makina amadziŵa ngati mwakankha pang'ono kapena kwambiri. Tizipangizoti timaperepeseka m'kati chifukwa cha kukhudzana, ndipo n'chifukwa chake kandodo kakakalamba makina amayamba kusuntha okha munthu asanakagwire. Njira yachitatu imagwiritsa ntchito maginito, potsata zimene Edwin Hall anatulukira m'chaka cha 1879. Mmenemo mulibe zokhudzana, choncho kandodo kotere kamakhalitsa.

Ana ndi achinyamata ambiri anakadziŵira kandodoka m'maseŵero a pa kanema. M'chaka cha 1977 kampani ya Atari ya ku America inayamba kugulitsa makina amene pambuyo pake anatchedwa Atari 2600. Anali ndi kandodo kakuda ndi batani limodzi lofiira, ndipo m'kati mwake munali timaswichi tinayi tija. Maseŵero a Pac-Man, amene kampani ya Namco ya ku Japan inatulutsa mu 1980, ankaseŵeredwa ndi kandodo kokha popanda batani lowombera. Mu 1996 makina a Nintendo 64 anabwera ndi kandodo kakang'ono kokankha ndi chala chachikulu, koyesa kukula kwa kupendekera, ndipo mu 1997 kampani ya Sony inatulutsa chogwirira cha DualShock chokhala ndi tindodo tiŵiri. M'maseŵero ambiri a masiku ano kamodzi kamayendetsa munthu wa pa kanemayo, kenako kamatembenuza maso ake.

Tisaganize kuti kandodo ndi choseŵeretsa chabe. Mukaona makina okumba dothi pamene akukonza msewu kapena kukumba ngalande, amene ambiri timangowatcha katapila, dziŵani kuti woyendetsayo ali ndi tindodo tiŵiri, kena kudzanja lamanja, kena kulamanzere. Kalikonse kamayenda njira ziŵiri, motero manja aŵiriwo amalamulira zinthu zinayi: kutembenuka kwa thupi la makina, kukwera ndi kutsika kwa mkono waukulu, kutambasuka kwa mkono waung'ono, ndi kutapa kwa chidebe. Pali ndondomeko ziŵiri zosiyana za momwe ntchito zimenezi zimagaŵidwira ku manja, ndipo woyendetsa wanzeru akakwera makina achilendo amayamba wayesa tindodoto pamalo popanda anthu, kuwopa kugwetsera chidebe pa mnzake.

Kumene kandodo kanasintha kwambiri miyoyo ya anthu ndi pa njinga zamagetsi za anthu aulumali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, George Klein wa ku National Research Council ya dziko la Canada anatsogolera ntchito yopanga njinga yotere, pofuna kuthandiza asilikali amene anavulala msana pankhondo. Munthu amene manja ake alibe mphamvu yopalasa magudumu anatha kudziyendera yekha pongosuntha kandodo. Lero amene sangathe kugwiritsa ntchito manja amakankha kandodoko ndi chibwano.

Kandodo kanafika ngakhale ku mwezi. M'mwezi wa July 1971, pa ulendo wa Apollo 15, David Scott ndi James Irwin anayenda pamwamba pa mwezi ndi kagalimoto kamagetsi kopanda chiwongolero chozungulira. Pakati pa mipando yawo panali chogwirira chooneka ngati lemba la T, chimene ankachikankhira kutsogolo kuti ayende, kuchipendeketsa kuti akhote, ndi kuchikokera kumbuyo kuti aime. Chinali choyenera chifukwa anavala magolovesi okhuthala ndi ouma, ndiponso kagalimotoko kankathamanga makilomita osafika 20 pa ola. Kuno kwathu, boma la Malaŵi ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserapo tindege topanda munthu m'kati, totchedwa drone, ku Kasungu m'chaka cha 2017. Tindege ting'onoting'ono ta mtundu umenewu, munthu akamatiwongolera yekha ali pansi, amagwiritsa ntchito tindodo tiŵiri tokankha ndi zala.

Poona kupambana konseku, opanga magalimoto anayesa kangapo kubwezeramo ndodo. Mu 1958 kampani ya General Motors inapanga galimoto yachionetsero yotchedwa Firebird III, imene inkakhota, kuthamanga ndi kuima ndi ndodo imodzi yoikidwa pakati pa mipando. Mu 1992 kampani ya Saab ya ku Sweden, imene inadziŵikanso ndi kupanga ndege, inayesa kandodo m'galimoto ya Saab 9000. Mu 1996 kampani ya Mercedes-Benz inaonetsa ku Paris galimoto ya F 200 Imagination yoyendetsedwa ndi tindodo. Mwa magalimoto atatuŵa palibe imene inagulitsidwa kwa anthu.

Chifukwa choyamba ndi kufupika kwa ulendo wa kandodo. M'magalimoto ambiri, kuti magudumu achoke kumapeto kwa kumanzere kufika kumapeto kwa kumanja, chiwongolero chimazungulira pafupifupi katatu. Dzanja likasuntha pang'ono mosafuna, magudumu amangosuntha pang'ono zedi. Kandodo kamachita ntchito yonseyo m'masentimita oŵerengeka. Tsono galimoto imene ikuthamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Pa liŵiro lotere, kunjenjemera kwa dzanja kokha kungaponye galimoto kutchire.

Chifukwa chachiŵiri ndi msewu weniweniwo. Galimoto imalumpha m'maenje, imagwedezeka pamiyala, ndipo mukaponda mabuleki thupi limaponyedwa kutsogolo. Chiwongolero chimagwiridwa ndi manja aŵiri, ndipo chimakhalanso potsamira: mukachikankha kapena kuchikoka galimoto siikhota. Kandodo kamamva kugwedezeka kulikonse ngati lamulo. Kumbukiraninso kuti ndege ili pamwamba ikasokera mamita angapo sigunda kanthu, pamene pamsewu lole yochokera kutsogolo imakudutsani pafupi kwambiri.

Chifukwa chachitatu ndi chija tinasunga. Dalaivala wozoloŵera amamva m'manja mwake pamene matayala ayamba kuterereka pamatope kapena pamene tayala laphwa, chifukwa chiwongolero n'cholumikizidwa ku magudumu ndi zitsulo. Kandodo kamagetsi sikamubwezera uthenga woterewu pokhapokha akatswiri ataikamo timakina tokankha dzanja. Nkhani imeneyi ndi yaikulu ngakhale m'ndege. Ndege ya Airbus A320, imene inayamba kunyamula anthu mu 1988, ili ndi kandodo pambali pa woyendetsa aliyense, koma tindodoto n'tosalumikizana, kotero kuti wina samva m'dzanja zimene mnzake akuchita. Pa 1 June 2009 ndege ya Air France ya mtundu wa A330, yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, inagwera m'nyanja ya Atlantic, ndipo anthu onse 228 anamwalira. Ofufuza anapeza zifukwa zingapo, kuyambira pa kutsekeka kwa tizipangizo toyesera liŵiro chifukwa cha madzi oundana. Anapezanso kuti mmodzi mwa oyendetsa anakhala akukokera kandodo kumbuyo nthaŵi yaitali pamene ndege inkafunika kutsitsa mphuno. Akatswiri ambiri anakambirana ngati mnzake akadazindikira msanga tindodoto tikadakhala tolumikizana. Mu 2018 ndege ya Gulfstream G500 inayamba ntchito ili ndi tindodo toyendera limodzi, kamodzi kakasuntha kenako n'kusunthanso.

Pamwamba pa zonsezi pali chizoloŵezi. Madalaivala a dziko lonse anaphunzira ndi chiwongolero, ndipo pangozi munthu amachita zimene manja ake anazoloŵera asanaganize n'komwe. Ngakhale magalimoto amene amakhotetsa magudumu ndi uthenga wa magetsi, monga Infiniti Q50 ya mu 2013 ndi Tesla Cybertruck ya mu 2023, anasungabe chiwongolero chogwira ndi manja aŵiri.

Komabe alipo anthu amene amayendetsa galimoto ndi kandodo tsiku ndi tsiku. Makampani ena, monga Paravan ya ku Germany, amakonza magalimoto kuti munthu amene alibe mikono, kapena amene manja ake ndi ofooka, aziyendetsa ndi kandodo. M'magalimoto otereŵa kompyuta imachepetsa kukhota kwa magudumu pamene liŵiro likukula, ndipo mawaya ndi zipangizo zofunika zimaikidwa zoposa chimodzi, kuti china chikafa chinzake chipitirize. Munthuyo amaphunzira mwapadera asanaloledwe kupita pamsewu. Kwa iyeyu kandodo ndi njira yopitira kuntchito, kuchipatala ndi kwa achibale popanda kudikira wina woti amunyamule.

Omvera athu, nkhwangwa ndi sompho zonse ndi zachitsulo ndipo zonse zimadula mtengo, koma mmisiri amadziŵa nthaŵi yogwira chilichonse. Kandodo kamachita bwino kumene dzanja limodzi liyenera kulamulira njira ziŵiri nthaŵi imodzi, kumene liŵiro ndi lochepa kapena malo ndi otakasuka, ndiponso kumene munthu alibe mphamvu yopotokola chiwongolero. Pamsewu wothina, wa maenje ndi wa liŵiro, chiwongolero chozungulira chidakali chodalirika. Madalaivala amene mukutimvera, chigwireni ndi manja aŵiri, ndipo muzimvetsera zimene chikukuuzani za matayala ndi msewu.