Makina akakuwa, amamva ndani?

Pa 30 Novembala 2013, anthu ku America ali pakalikiliki kugula za Khirisimasi, pulogalamu yolondera makompyuta a masitolo a Target inapereka chenjezo. Pulogalamuyo, yopangidwa ndi kampani ya FireEye, inaona kuti m'makina mwalowa chinthu chachilendo. Akatswiri a Target omwe amagwirira ntchito ku Bangalore, m'dziko la India, analiona chenjezolo n'kudziwitsa anzawo kulikulu ku Minneapolis. Nkhani inathera pomwepo. Mbava zinapitiriza ntchito yawo mpaka kutenga manambala a makhadi a kubanki pafupifupi 40 miliyoni, ndipo mu Meyi 2014 mkulu wa kampaniyo, a Gregg Steinhafel, anatula pansi udindo.

Chopweteka pankhaniyi n'chakuti mlonda anakuwa, ndipo anakuwa nthawi yake isanapitirire.

Kompyuta iliyonse ya muofesi imalemba kaundula wa zomwe zikuichitikira, usana ndi usiku. Akatswiri amamutcha log. Wina akalakwitsa pasiwedi, imalemba. Disiki ikayamba kufooka, imalemba. Kampani yokhala ndi makina masauzande, monga banki kapena kampani ya mafoni, imalandira mizere yochuluka moti palibe munthu angaiwerenge yonse. Galu wouwa usiku uliwonse, eni nyumba amasiya kudzuka, ndipo tsiku lomwe wakuba wafikadi iwo amakhala ali mtulo.

Apa ndi pomwe oyang'anira makina amatsegula command line, kazenera kopanda zithunzi komwe munthu amalembamo lamulo ndi zala zake. Kwa wongodutsa kamaoneka kachikale. Komabe mphamvu yake ili pakufunsa funso limodzi lolunjika, m'malo modikira kuti chenjezo likupeze. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Pa Windows chida chake ndi PowerShell, yomwe Microsoft inatulutsa mu 2006 motsogozedwa ndi Jeffrey Snover. Lamulo la Get-WinEvent limasefa kaundula uja potengera nambala ya chochitika. Nambala 4625 imatanthauza kuti wina wayesa kulowa koma walephera. Ikaoneka kamodzi m'mawa wa Lolemba, mwina ndi kalaliki yemwe waiwala pasiwedi. Ikaoneka kambirimbiri pakati pausiku pa akaunti imodzi, wina akugogoda pakhomo pomwe si pake. Nambala 41 imanena kuti makina anazima mosayembekezeka, ndipo kwathu kuno, komwe magetsi amathima ntchito ili mkati, oyang'anira makina amaidziwa ngati dzina la mwana wawo. Kuwerenga kangati yaoneka pa mwezi kungathandize kutsimikizira abwana kuti batire ya UPS, yomwe imayendetsa makina magetsi akathima, yatha ntchito, pomwe kungodandaula pakamwa sikukanaphula kanthu.

Chokoma kwambiri n'chakuti funso lomwelo lingathe kupita kutali. Lamulo la Invoke-Command limalitumiza kumakompyuta ambiri, 32 nthawi imodzi ngati sunasinthe kalikonse, ndipo mayankho amabwera pamalo amodzi. Munthu ali ku Lilongwe angadziwe za makina a nthambi ya ku Karonga osakwera basi. Akalilemba bwino, amalisunga kuti lizidzithamangira lokha m'mawa uliwonse. Mbewa ya kompyuta singachite zimenezo, chifukwa kudina kumafuna dzanja nthawi zonse.

Pa Linux mwambo wake ndi wakale kuposa apa. Dongosolo la syslog, lomwe Eric Allman anayambitsa m'zaka za m'ma 1980, limagawa mauthenga m'magulu asanu ndi atatu, kuyambira 0 wa ngozi yoopsa mpaka 7 wa tinkhani ta opanga mapulogalamu. Wolemba lamulo la journalctl -p 3 amaona zolakwika ndi zoopsa zokhazokha, phokoso lonse lotsala osalimva.

Ine ndimaona kuti mabungwe ambiri amaika mtima pa kugula mapulogalamu odula a zithunzi zokongola, n'kuiwala kupatsa munthu nthawi yowerenga. Mapulogalamu monga Microsoft Intune ndi othandiza ndithu, koma chithunzi chobiriwira pa sikirini chimangoyankha mafunso omwe wopanga anaganizira. Funso la lero, la vuto la muofesi yako, uyenera kulifunsa wekha.

Ndipo nthawi yofunsira ndi yochepa. Kaundula wa chitetezo pa makompyuta ambiri a Windows amapatsidwa malo okwana pafupifupi 20 MB, ndipo akadzaza, zatsopano zimafufuta zakale. Pa makina otanganidwa, umboni wa sabata yatha ungathe kusowa Lachisanu lisanafike ngati sunakopedwe kupita kwina. Mbava zodziwa ntchito sizidikira n'komwe, zimafufuta kaundula yense zisanatuluke. Koma Windows imasiya mzere umodzi woyamba m'kaundula wopanda kanthuyo, nambala 1102, pamodzi ndi nthawi komanso dzina la akaunti yomwe yafufuta.