Mbuzi zimene sizinali pa pepala

Ndikauza anthu kuti ntchito yanga ndi kafukufuku wa zaulimi, ambiri amaganiza za munthu wotsekeredwa m'chipinda chodzaza mabotolo. Chonsecho masiku ambiri ndimakhala m'munda ndi sikelo, chingwe ndi kope, ndikulimbana ndi mawu awiri amene amazunguza ophunzira ku yunivesite: hypothesis ndi variable.

Hypothesis ndi ganizo limene munthu amalinena asanayese, koma lonenedwa moti likhoza kugwa. Mlimi wa ku Nsipe akati munda umene munali nandolo ndi mtedza chaka chatha ubereka chimanga chambiri kuposa umene munali chimanga chokhachokha, ameneyo wanena hypothesis, ngakhale dzinalo sakulidziwa. Tikhoza kudzala, kukolola, kuyeza, n'kupeza ngati walondola kapena ayi. Koma akangoti nandolo ndi wabwino, palibe choyesa. Wabwino pa ndiwo, pa msika, kapena pa nthaka?

Variable ndi chilichonse chimene chimasiyana munda ndi munda, chaka ndi chaka. Pali chimene timasintha dala, monga mbewu imene inatsogola m'mundamo. Pali chimene timadikira kuti tione: makilogalamu a chimanga chouma pa hekitala. Sitiwerenga ngolo, chifukwa ngolo ya kwanu si ya kwathu. Ndiye pali zobwera zosaitanidwa: mvula, mtundu wa dothi, feteleza, tsiku lodzala, ndiponso ngati mwini munda anapalira nthawi yake kapena anali kumaliro. Zimenezi ndiye zimatisowetsa tulo. Munda wa nandolo ukakhala m'mphepete mwa dambo, winawo pamtunda, chimanga chikachuluka tiyamika nandolo kapena chinyezi? Kuyerekeza zokolola za ku Tsangano kozizira ndi za ku chigwa cha Bwanje ndi kudzinamiza masana.

N'chifukwa chake ndimakonda njira ya munda wa mayi ndi minda ya ana, imene Sieglinde Snapp anayambitsa kuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1990, ndipo pulojekiti ya Africa RISING, imene inayamba mu 2012, inaigwiritsa ntchito ku Kandeu ndi ku Nsipe. Pa munda wa mayi, njira zonse zimayalidwa moyandikana m'timapuloti tofanana, mobwereza, pa dothi limodzi ndi mvula imodzi, kuti chosiyana chikhale chimodzi chokha. Kenako alimi amasankha njira zingapo n'kukayesa kwawo. Munda wa mayi umayankha ngati ganizo lija ndi loona. Minda ya ana imayankha ngati limakhalabe loona wofufuza akakwera galimoto n'kubwerera ku tauni.

Chaka china ine ndinalemba zonse bwinobwino: mizu ya nandolo idzasiya nayitirojeni m'nthaka, masamba adzayoyoka n'kuwola, chimanga chidzakondwa. Ndinaiwala kuti nandolo amachedwa kucha, ndipo chimanga chikangochoka m'munda anthu amamasula ziweto. Pamene ndinabwerera, minda ina inali mapesi okhaokha. Mayi wina anandiseka, nati zimenezo ndi mwana yemwe amazidziwa, ndikadangofunsa.

Tsopano kope langa lili ndi mzere watsopano: mtunda wochokera pamunda kukafika pa khola lapafupi. Ndipo ndisanalembe hypothesis, ndimayamba ndakhala pansi ndi eni minda.