Tikumane pa Pulogalamu Iti?

Ena mwa inu mumagwira ntchito m'mafakitale a Kafue, monga ku Nitrogen Chemicals of Zambia, ndipo mumalima mukaweruka. Mbozi zikagwa m'chimanga simungadikire tsiku lobwera m'kalasi, choncho phunziro liyenera kukupezani pafoni.

Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, pamene mafunso angoyamba kumene. Google Meet imalola ola lathunthu. Zonse ziwiri zimalandira anthu 100. WhatsApp, imene ambiri muli nayo kale, imalekera pa 32.

Ine ndikusankha Meet, makamera atatsekedwa, pakuti kanema amadya bandulo msanga. Kamera itsegulidwe poonetsa tsamba lodyedwa basi. Amene magetsi a ZESCO awathimira foni isanadzaze, tidzawatumizira mawu ojambulidwa pa WhatsApp.